Chidendene pa Kathabwa

Phazi langa lamanja linapindikira kunja, ndipo ndisanadziwe chimene chachitika ndinali ndikugwa, mwana wa achimwene ali kumsana. Pabwalopo panalibe mwala, panalibe dzenje. Ndinali nditasesapo ndekha m'mawa womwewo. Ndinaponya manja kutsogolo kuti ndigwe chafufumimba, mwanayo asagunde pansi, koma nsalu inamasuka, ndipo ndinamumva akutsetsereka pa phewa langa. Chipumi chake chinakagunda m'mphepete mwa khonde.

Sanalire nthawi yomweyo. Pabwalo ponse panangoti zii.

Alamu anatulukira kuseri kwa nyumba, manja ali thovu lokhalokha. Anamunyamula, kumugwedeza, kumuuzira mpweya kumaso, ndipo kenaka mwana uja anatsegula kukamwa n'kulira kulira kumene sindinayambe ndakukondwererapo chotero. Pachipumi panali patatupa kale ngati dzira la njiwa. Alamu sanandilalatire. Anangondiyang'ana ndili pansi pomwepo, ndikugwira kakolo wanga, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mlamu, usadzandiberekerenso mwana mpaka miyendo yakoyo idziwe kumene ikupita."

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo kugwa sikunali kwachilendo kwa ine. Mapazi anga anayamba kusintha ndidakali ku pulayimale. Pakati pa phazi, paja pamakhala kamphako kakang'ono mwa munthu aliyense, kwa ine mphakoyo inkangokulirakulira, msana wa phazi ukutukumuka, zala zikukhota ngati zikhadabo za nkhuku. Ndikaponda pasimenti ndi phazi lonyowa, pankatsala zizindikiro ziwiri zosakhudzana, china cha chidendene, china cha kutsogolo, ngati kuti padutsa tinyama tiwiri. Achimwene ankandiseka kuti khoswe akhoza kudutsa kunsi kwa phazi langa osaweramitsa mutu. Ndinkaseka nawo. Koma poyenda maso anga ankakhala pansi, ndipo kakolo ndinkamubinya pafupipafupi moti amayi anasiya kundifunsa kuti wagwera kuti.

Ababa anali wosoka nsapato. Kashedi kawo kanali kumapeto kwa bwalo, koyang'ana kumsewu. Atamva kulira kuja anatuluka mwa mayendedwe awo a nthawi zonse, pang'onopang'ono, akukweza mawondo, atavala jombo zazitali zimene anadzisokera okha. Anaona chipumi cha mdzukulu wawo, n'kumusisita kumutu. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Tabwera nayo nsapatoyo, mzime."

Ankanditchula choncho chifukwa ndine womaliza kubadwa. Ndinawatsatira ndikutsimphina, n'kukhala pa chitini cha guluu chopanda kanthu. Anatenga chidutswa cha tayala lakale, n'kuyamba kuchisema ndi kampeni kawo mpaka chinafanana ndi theka la nthangala ya mango. M'nsapato yangamo munali kale labala wina wotero, amene anamuika chaka chapitacho, pamwamba pa wina wa chaka chinacho. Nzeru yawo inali yosavuta kumva: pamene pali mphako pafunika kutsekapo, denga lopanda mzati limagwa. Mapazi awo anali ngati anga, ndipo a bambo awo analinso choncho. Ankangoti ndi mapazi a mtundu wathu, monga mmene mabanja ena amakhalira ndi mpata wa mano.

Amayi anaima pakhomo pa shedi, kutchinga kuwala. Sanali munthu wotsutsana ndi amuna awo ana akumva, koma tsiku limenelo sanandithamangitse. Anati anamva kuti kuchipatala chachikulu kuli dokotala wa mafupa amene amaona anthu a mapazi opindika, ndipo akufuna kupita nane. Ababa sanakweze mutu. Anati achipatala amadziwa chinthu chimodzi chokha, mpeni. Anakumbutsa za mnzawo wina wokonza njinga amene analowa kumeneko ndi chilonda cha pachala n'kutulukako alibe mwendo. Amayi anati uja anali ndi matenda a shuga. Ababa anati mpeni sufunsa za shuga.

"Lero ndi chipumi cha mdzukulu, bambo ake," anatero amayi. "Mawa mwanayu adzagwera pakati pa msewu."

Ababa anapaka guluu pa labala uja, n'kumuuzira kuti aume.

"Ndipita nanu," anatero. "Akanene zawozo, ine ndikakane ndi pakamwa panga. Mwana wanga salowa pa mpeni."

Ndinavala nsapato ija. Labala watsopanoyo ankandikankha pakati pa phazi ngati chibakera. Ndinathokoza, monga ndinkachitira chaka chilichonse. Mpeni ndinkauopa inenso. Koma ndinkaopanso kwambiri kuti ndidzakalamba ndikuyenda maso ali pansi, anthu akundilanda ana m'manja.

Tsiku lake litafika tinakhala pa benchi ya m'khonde la chipatala, pakati pa anthu a zikhakha ndi a ndodo. Ababa anavala jekete lawo lopitira ku maukwati. Ankayang'ana mapazi a aliyense wodutsa, osati nkhope, ndipo nthawi ina anandinong'oneza kuti nsapato za mnyamata wokankha njinga ya odwala sizifika Khirisimasi.

Chipinda cha adokotala chinali chopapatiza: bedi lalitali lokutidwa ndi labala, beseni pakona, zenera limodzi, ndi simenti yozizira. Adokotalawo anali mayi wamfupi, wa imvi zapatalipatali, magalasi akulendewera pa chingwe m'khosi. Atapereka moni kwa makolo anga, sanakhale pa mpando wawo. Anakoka kampando kafupi n'kukhala pafupi ndi pansi, ngati munthu wofuna kusenda mbatata. Sanayambe ndi mapazi anga. Anapempha nsapato.

Anazigadabuza, n'kuonetsa amayi mmene zinaperesekera mbali ya kunja yokha, pamene mbali ya m'kati inali ngati yatsopano. Kenaka analowetsa zala m'kati, n'kukhudza labala uja. Anavala magalasi.

"Ntchito yaukhondo iyi. Wasoka ndani?"

"Ndine," anatero ababa.

Adokotala anayamikira kasokedwe kake, kuti ulusi wayenda mofanana ngati wa makina. Ababa anakonza kolala ya jekete lawo.

Kenaka adokotala anandiyendetsa, kuchoka pakhomo kufika pazenera, kubwereranso. Anandiuza ndiyende chonyang'ama, ndinatha. Anandiuza ndiyende ndi zidendene zokha, zala zili m'mwamba, ndipo zalazo zinangogwera pansi zokha, phwa, phwa, ngati si zanga. Anandiimika moyang'anana nawo, n'kuitana amayi kuti adzaone. Anati munthu akaima moyang'ana kwa iwe, chidendene chake sichioneka, chimabisala kumbuyo kwa phazi. Koma changa chinkasuzumira mbali ya m'kati, ngati mwana wamanyazi kuseri kwa nsalu ya amake. Chimenecho, anatero, ndi chizindikiro choti chidendenecho chapendekeka.

Nditagona pa bedi lija anandigwira phazi ndi manja ofunda. Anadina khungu lolimba limene linali kunsi kwa tsinde la chala chachikulu, ndi lina m'mphepete mwa kunja. Anandiuza ndikankhe dzanja lawo, pansi, m'mwamba, m'kati, kunja. Pokankhira pansi ndinali ndi mphamvu moti anaseka, kuti ndikhoza kupalasa njinga ya katundu. Pokankhira kunja ndi m'mwamba anandigonjetsa ndi zala ziwiri. Anagogoda mtsempha wa kumbuyo kwa kakolo ndi kanyundo ka labala, phazi silinadzidzimuke. Anandiika kachitsulo konjenjemera pa chala, n'kundiuza ndinene kakasiya; ndinanena kadakali kulira m'dzanja mwawo. Anayendetsa chala pa msana wanga kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Anaona ngakhale zikhatho zanga.

Kenaka anafunsa ngati m'banja mwathu muli wina wa mapazi otere.

Amayi anayang'ana pasimenti. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Kwathu kulibe wodwala," anatero ababa.

Maso a adokotala anatsikira pa jombo zija, n'kukwereranso msanga. Sanakakamize. Anangoti mapazi otere nthawi zambiri amachokera m'mitsempha imene imalamula minofu ya mwendo, ndipo amayenda m'magazi, kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, popanda wolakwa. Minofu ina imafooka, ina imatsala ndi mphamvu, ndiye yamphamvuyo imakoka phazi mpaka kulikhotetsa.

"Phazi limakhala pa mafuwa atatu," anatero, akuloza pa phazi langa. "Chidendene, tsinde la chala chaching'ono, ndi tsinde la chala chachikulu. Mwa mwana wanuyu, fupa la kuseri kwa chala chachikuluchi lakokedwera pansi. Limafika pansi anzake asanafike. Ndiye fuwa limodzi likatalika, mphika umapendekera kuti?"

"Kwinako," anayankha amayi.

"Kunja. N'chifukwa chake amagwa pamalo posalala."

Anatulutsa kathabwa kunsi kwa bedi. Kanali kathabwa wamba, kochindikala ngati chala chachikulu cha kudzanja, kakuda chifukwa chopondedwa ndi anthu ambiri. Anafotokoza asanandiimikepo, kuti tonse tidziwe chimene tikuyang'ana. Ndidzaponda ndi chidendene ndi mbali ya kunja ya phazi, chala chachikulu ndi tsinde lake zikulendewera m'mphepete, kuti fuwa lalitali lija lipeze potsikira. Chidendene chikawongoka, ndiye kuti chidakali chofewa, vuto lili kutsogolo kokha. Opaleshoni yake ndi yosamutsa mtsempha ndi kukweza kafupa kaja, ndipo munthu amadzayenda bwino. Chikakana kuwongoka, ndiye kuti chauma chopendekeka, ndipo pamenepo pamafunika kudula fupa la chidendene lenilenilo, mwinanso kulumikiza mfundo kuti zisadzapindikenso.

Ababa anapumira m'mwamba atamva mawu oti kudula.

Adokotala anajambula mzere ndi bolopeni kumbuyo kwa mwendo wanga wamanja, kutsika ndi katumba mpaka pansi pa chidendene. Anati mzerewo wathyokera pa kakolo. Ndinaima moyang'ana khoma, n'kuponda pa kathabwa. Chala chachikulu chinatsikira pasimenti. Sindinkatha kuona chilichonse kumbuyo kwanga, koma penti wa pakhoma yekha, wosupuka malo ena. Ndinkangomva kupuma kwa anthu atatu. Anandiuza nditsamire mwendo umenewo thupi lonse.

"Wawongoka," ananong'ona amayi. "Mzere uja wawongoka."

Mwendo wamanzere unachitanso chimodzimodzi. Adokotala anati tafika nthawi yabwino, koma chidendene sichidikira munthu. Chaka ndi chaka chimanka chiuma, ndipo tsiku lina kathabwa kadzalephera. Anati angakonde kuchita opaleshoniyo chaka chisanathe.

Kenaka anatenganso nsapato yanga, n'kuigwira ndi manja awiri monga munthu amagwirira chinthu cha eni. Analankhula moyang'ana ababa, mwaulemu wonse. Anati labala uja sindiye anayambitsa vutoli, ndipo aliyense woona mphako amaganiza zoitseka. Koma pa phazi lotere, kuunjika labala pakati kuli ngati kuwonjezera dothi kunsi kwa fuwa lalitali kale. Kumakankhira phazi kunja kumene likugwera. Chofunika ndi kukumba kadzenje pamene pamaponda tsinde la chala chachikulu, ndi kukweza pang'ono mbali ya kunja.

Ndinaona khutu la ababa likugwedezeka, monga linkachitira akamaluma mano.

"Ndiye mukuti ndine ndinagwetsa mdzukulu wanga."

Adokotala anati sananene choncho. Ababa anati sanabwere kudzaphunzitsidwa nsapato pa msinkhu wawo. Mawu awo sanakwere, anangolimba. Anati za chidendene chouma n'zoopsezera anthu kuti avomere mpeni. Mapazi amenewa iwo ayenda nawo moyo wawo wonse, ndi labala yemweyo, ndipo sanagwetsepo mwana wa munthu.

"Simunanyamulepo mwana mutaimirira, bambo ake," anatero amayi. Analankhula mofatsa kwambiri, akuyang'ana m'manja mwawo. "Onse anayi munkawalandira mutakhala pansi."

Sindinali nditaganizapo zimenezi. Ndinafufuza m'mutu mwanga kufuna tsiku limodzi limene ababa anandinyamula akuyenda, ndipo ndinangopeza mawondo awo, fungo la guluu, ndi kampando ka m'shedi.

Ababa anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za jombo.

Zinatenga nthawi, chifukwa zinali zazitali ndipo anazimanga zolimba mpaka pakati pa msongolo. Palibe anayesa kuwathandiza. Atavula, anapinda buluku mpaka m'mawondo, n'kuimirira atagwira bedi.

"Changa sichinaume," anatero. "Ndiponda pa thabwa lanulo. Chikawongoka ngati cha mwanayu, ndiye kuti palibe chothamangira, ndipo tikupita kwathu."

"Nanga chikapanda kuwongoka, bambo?" anafunsa adokotala.

Ababa anati adokotala ndi amayi anagwirizana kale, ndiye maso awo sawakhulupirira. "Mzime ndiye aone. Ameneyu sanandinamizepo."

Adokotala anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kundifunsa ngati ndingathe. Kenaka anajambula mzere wawo kumbuyo kwa mwendo wa ababa, n'kusuntha kampando kawo kundisiyira malo. Ndinagwada pasimenti.

Mapazi a ababa ndinali nditawaonapo kambirimbiri, atawaviika m'beseni akaweruka. Koma ndinali ndisanawaonepo kuchokera kumbuyo, masana, ataimirira opanda jombo. Kumunsi kwa mawondo miyendo inali yowonda ngati ya kakowa, katumba atatheratu. Zala zinali zitakwerana. M'mphepete mwa kunja monse munali chikhungu chokhuthala, chong'ambika, pakati pake pali kachilonda kakale kosapola bwino. Ankaimira mbali ya phazi, osati kunsi kwake. Mzere wa bolopeni unatsika bwinobwino mpaka pa kakolo, n'kukhotera m'kati ngati mpini wa ndodo ya nkhalamba.

Anaponda pa kathabwa, zikhatho zili pakhoma. Adokotala anawakonzera phazi kuti chala chachikulu chilendewere. Ababa anatsamira. Ndinamva mfundo zikulira.

Mzere sunasunthe.

"Mzime?"

Ndinadziwa kuti ndikangoti chawongoka, tivala nsapato zathu, tikwera basi, ndipo ababa akakhala pa kampando kawo ali munthu yemwe uja. Palibe akananditsutsa pamaso pawo. Ndinadziwanso kuti mwendo umene ndikuuyang'anawo ndi wanga, ukungondidikira kutsogolo.

"Tayesaninso, ababa. Tsamirani kwambiri."

Anatsamira mpaka mwendo unayamba kunjenjemera. Thukuta linatsika kuseri kwa bondo, n'kudutsa pa mzere uja, inki n'kuyamba kusungunuka. Ndinatambasula dzanja, n'kugwira chidendenecho kuti mwina ndichithandize. Chinali ngati ndagwira chitsa.

"Chawongoka?"

"Ayi, ababa. Sichikusuntha."

Sanatembenuke. Anakhala choncho, nkhope ili pafupi ndi khoma, mapewa a jekete la ku maukwati akukwera ndi kutsika. Kunja m'khonde wina ankaitana dzina la wodwala, mobwerezabwereza. Amayi anali atagwira kukamwa ndi nsonga ya nsalu. Adokotala anavula magalasi awo n'kuwasiya alendewere.

Ababa atalankhula, ankalankhula ndi khoma.

"Pochita zimenezo, mwanayu adzakhala ali m'tulo?"

"Adzakhala ali m'tulo, bambo. Sadzamva kanthu."

"Ndipo mwendo adzatuluka nawo."

"Adzatuluka nawo, uli m'chikhakha."

Ababa anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Muyambe ndi lamanja," anatero. "Ndi limene limamugwetsa."

Kenaka anafuna kutsika. Kathabwa kaja sikanali kotalika kuposa chala, koma anaima pamwamba pake ngati munthu amene ali m'mphepete mwa denga. Anachotsa dzanja limodzi pakhoma n'kulitambasulira kumbuyo, osacheuka, zala zikupapasa m'malere. Ndinadzuka msanga, n'kuika phewa langa pansi pa dzanjalo.